Tikufuna mapulagini pa seva yathu ya gemu

Funso: Ine ndi anzanga tikupanga seva ya gemu ya pa intaneti, ndipo tikufuna kuti anthu ena azitha kulemba mapulagini awoawo. Kodi tiyambire pati?

Yankho: Musapeke chilankhulo chanuchanu cholembera mapulogalamu, mudzangotaya nthawi. Tengani Lua, chilankhulo chomwe chinapangidwa ku Brazil mu 1993. N'chopepuka, ndipo magemu monga Garry's Mod ndi Luanti amagwiritsa ntchito chomwecho.

Kenako ganizirani zochitika za m'gemumo: wosewera walowa, walemba uthenga, waphwanya buloko. Pulagini izilembetsa kuti iziuzidwa zimenezi zikachitika, ndipo zina izitha kuziletsa, monga zimakhalira pa Bukkit wa Minecraft.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa nthawi. Seva ya Minecraft imawerengera zonse ka 20 pa sekondi, ndiye kuti mamilisekondi 50 ulendo uliwonse. Pulagini imodzi ikachedwa podikira database, osewera onse amangoima njii. Ntchito zochedwa zizichitikira pambali, ndipo sikiripiti yongozungulira osamaliza, seva iziidula.

Olemba mapulagini musawapatse os.execute kapena mwayi wotsegula mafayilo onse a pa kompyuta. Dzina la function nalonso, mukangolitulutsa musalisinthe mwachisawawa. Mukalisintha, mapulagini a anthu adzasiya kugwira ntchito, ndipo adzaloza chala inu.