Phunziro: Galimoto Yakale Ikamadontha Oyilo

Magulu ambiri a alimi ku Machinjiri, Bangwe ndi Chilomoni amadalira pikapu imodzi yakale, ya gulu kapena ya membala, kunyamula tomato, kabichi ndi manyowa. Galimoto zambiri zotere zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, n'kulowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Injini yake imakhala idakali ndi mphamvu, koma malabala a mkati mwake anakalamba. Tsiku limene injini yafera pa msewu wa ku Limbe ndi madengu a tomato kumbuyo, gulu limaluza kawiri: ndalama yokonzetsera ndi katundu yemwe.

Cholinga cha phunziroli n'chakuti aliyense athe kupeza yekha pamene oyilo akutulukira asanapite kwa makaniko. Zimene tiphunzire pano zikugwiranso ntchito pa injini ya chigayo ndi injini yopopera madzi ku dimba.

Zofunika kubweretsa: katoni yoyera, palafini, burashi yakale, sanza, tochi, ndi ufa woyera wodzaza dzanja limodzi.

Chimene chimatseka oyilo

Oyilo amatsekeredwa mu injini ndi zinthu ziwiri. Pamene zitsulo ziwiri zosayenda zakumana, pamakhala gasiketi. Pamene chitsulo chozungulira chikutulukira kunja kwa injini, pamakhala oil seal, kamkombero ka labala kokhala ndi kasipuling'i mkati kamene kamakanikiza mlomo wa labalayo pa chitsulo. Kutentha kwa zaka zambiri kumaumitsa labala mpaka kumachita ming'alu. Fumbi la m'misewu yathu nalo likamatirira pa mlomowo, limadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka kukumba kamzere.

Tiwerengetsere limodzi. Amene amathira theka la lita sabata iliyonse amataya malita 26 pa chaka. Injini ya galimoto yaing'ono imadzaza ndi malita anayi okha. Aliyense achulukitse malita 26 ndi mtengo wa oyilo wa lero, kenaka ayerekeze ndi mtengo wa gasiketi imodzi ku Ndirande.

Ntchito ya pa gulu: kufufuza

Monga timachitira poyendera munda wathu wophunzirira, tiyamba ndi kuona, chiganizo chibwera pambuyo.

Madzulo, imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi kuyala katoni pansi pa injini. M'mawa onani madontho. Akuda kapena oderapo ndi oyilo wa injini. Ofiira kawirikawiri ndi a giyabokosi ya otomatiki kapena a pawa sitiyaring'i. Okhuthala onunkha kwambiri ndi a giyabokosi ya manyuwo kapena difu. Madontho otuwa ngati mafuta ophikira pafupi ndi tayala angakhale mafuta a mabuleki, ndipo galimoto yotero isayende kufikira itakonzedwa.

Injini itazizira, itsukeni ndi palafini ndi burashi, osathira pa mawaya ndi pa alitaneta. Ipukuteni iume. Wazani ufa pang'ono m'mbali zimene mukukayikira, kutali ndi paipi ya utsi, kenaka lizani injini kwa mphindi 15 ndi kuizimitsa. Oyilo watsopano amajambula kanjira kakuda pa ufawo. Tsatirani kanjirako chokwera mpaka pamene kayambira.

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Oyilo amatsikira pansi, ndipo galimoto ikamayenda mphepo imamukankhira kumbuyo. Choncho pamene dontho likugwera si pamene patuluka oyilo. Eni galimoto ambiri alipirapo kutsitsa giyabokosi chifukwa dontho limaoneka pakati pa injini ndi giyabokosi, pamene vuto lenileni linali gasiketi ya chivundikiro chapamwamba, imene ikanasinthidwa mu ola limodzi.

Yambani ndi zotchipa

Chivundikiro chapamwamba pa injini, chimene amakaniko amati top cover, ndicho chimadontha kawirikawiri. Chizindikiro chake ndi fungo la oyilo wopserera, chifukwa amagwera pa paipi ya utsi yotentha, ndipo akachuluka angathe kuyambitsa moto. Gasiketi yake mungasinthe nokha. Mabawuti ake ndi ang'onoang'ono, amangidwe mofewa ndi mosinthanasinthana kuyambira pakati. Kumanga mwamphamvu kumaphwanya gasiketi kapena kuthyola bawuti.

Onaninso bawuti yotulutsira oyilo pansi pa sampu. Ili ndi kawasha kofewa kamene kayenera kusinthidwa nthawi iliyonse mukasintha oyilo. Fyuluta ya oyilo imangidwe ndi dzanja: labala wake akakhudza injini, zungulizaninso pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mzungulo umodzi. Musanamange yatsopano, onetsetsani kuti labala wa fyuluta yakale sanatsalire pa injini, chifukwa malabala awiri akasanjikizana oyilo amatha kukhuthuka yense m'mphindi zochepa. Pafupi pomwepo pali kaswitchi ka nyali ya oyilo, nako kamadontha kakakalamba ndipo n'kosavuta kusintha.

Mpweya wa mu injini

Mu injini iliyonse mpweya wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kumene kuli oyilo. Mpweyawu uli ndi kapaipi kake kotulukira pa chivundikiro chapamwamba, ndipo pa injini za petulo pamakhalanso kavavu kotchedwa PCV. Kapaipika kakatsekeka ndi litsiro, mpweya umasowa kolowera ndipo umakankha oyilo kudzera pa ma seal onse, ngakhale atsopano. Ndiye mukamva munthu akudandaula kuti wasintha seal kawiri koma ikudonthabe, mufunseni ngati anaonapo kapaipi kameneka. Kuchotsa, kutsuka ndi palafini ndi kubwezera sikulira ndalama.

Yesani izi injini ikulira pang'onopang'ono: masulani chitsekerero chothirira oyilo ndi kungochisanjika pakamwa pake. Kugwedera pang'ono si vuto, makamaka pa injini ya dizilo. Koma chikamakankhidwa n'kugwa, utsi uli tolotolo, ndiye kuti maring'i a mapisitoni atha, ndipo seal yatsopano sikhalitsa mpaka injini itatsegulidwa. Kuthira oyilo kupitirira mzere wapamwamba nakonso kumadonthetsa injini yabwinobwino.

Zofunika makaniko

Seal ya kutsogolo ili kuseri kwa pule yaikulu ya pansi. Pa injini zoyendera timing belt, monga za dizilo za Toyota Hilux ndi Hiace zakale (2L, 3L ndi 5L), oyilo akanyowetsa lambayo amamufewetsa, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo nthawi yomweyo ndi yabwino kusinthiratu ma seal a kutsogolo.

Seal ya kumbuyo ili pakati pa injini ndi giyabokosi. Yokhayo si yodula, chodula ndi ntchito yotsitsa giyabokosi. Ngati ikungonyowa chabe, mungathe kudikira mpaka nthawi yosintha kilatchi, bola muziyeza oyilo m'mawa uliwonse. Koma injini ikayamba kulira kwambiri galimoto osathamanga pokwera chitunda ndi katundu, mwina oyilo wafika pa kilatchi, ndipo musadikirenso.

Pokagula, tengani seal yakale. Zambiri zimakhala ndi manambala atatu, mwachitsanzo 35x50x8, kutanthauza kukula kwa mkati, kwa kunja ndi kuchindikala kwake mu mamilimita. Musagule seal yochotsedwa pa injini ina, ngakhale ioneke bwino. Pomangirira khalani pomwepo ndipo muone zinthu izi: mbali ya kasipuling'i iloze mkati kumene kuli oyilo, mlomo upakidwe oyilo woyera, ndipo seal ilowe mowongoka pogogoda ndi paipi yofanana nayo kukula, osati ndi sikuludiraiva. Pitsani chikhadabo pa chitsulo chozunguliracho. Chikakodwa mu kamzere, makaniko aike seal yatsopano motsogoza kapena mobweza pang'ono kuti mlomo ukhale pamalo osalala. Aliyense wolowa pansi pa galimoto asadalire jeki yokha, aike zochirikiza zolimba ndi miyala ku matayala.

Njira zachidule zimene timamva

Ena amati thirani oyilo wokhuthala wa 20W-50. Madontho amachepadi, ndipo pa injini yakale kwambiri angathandize kwa kanthawi, koma pa Toyota Probox kapena Sienta, zimene zinapangidwira oyilo wopepuka, wokhuthala amachedwa kufika m'tinjira ting'onoting'ono injini ikangolizidwa m'mawa. Mankhwala a m'botolo oletsa kudontha amangofufumitsa labala wouma, sangalumikize wong'ambika. Choopsa kwambiri ndi silikoni wopaka mochuluka: wotsalira mkati amanyotsoka n'kukatseka sefa imene pampu imakokera oyilo, ndipo injini imauma oyilo ali wodzaza mu sampu.

Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale msika uli pafupi. Dikirani mphindi zisanu, yezani. Pa galimoto zambiri, kuchokera pa mzere wapansi kufika wapamwamba wa kachitsulo koyezera ndi pafupifupi lita imodzi. Nyali ikapanda kuzima mutathira, galimotoyo ikokedwe.

Oyilo wakutha ndi dimba lathu

Madzi a mvula amakokolola oyilo wa pa bwalo kupita naye mu Nasolo, Mudi, Naperi ndi Likhubula, mitsinje imene anthu ena amathirira ndiwo zamasamba ndi kuchapiramo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limaletsa kuipitsa madzi ndi nthaka. Potsuka injini ikani beseni pansi, ndipo musatsukire pa mtsinje. Oyilo wakutha asungidwe m'chigubu chotseka, kutali ndi mbewu ndi ana. Musapake ziweto pofuna kupha nkhupakupa kapena kuchiza mphere, chifukwa ali ndi poizoni amene amalowa pakhungu ndipo chiweto chimanyambita. Injini yopopera madzi ikhale pa lata kapena thireyi yokhala ndi mchenga, osati pa dothi la dimba.

Zokachita sabata ino

Gulu lisankhe anthu awiri oti aziyeza oyilo wa galimoto kapena pampu ya gulu m'mawa uliwonse, ndi kulemba m'kope tsiku, mlingo wa oyilo ndi kuchuluka kwa amene athira. Pa mkumano wotsatira abweretse kopelo pamodzi ndi katoni ya madontho, ndipo gulu lidzagwirizane ngati ntchitoyo ili ya ife eni kapena ya ku galaja.