Nthata pa tiana ta mphaka: zichotseni popanda kupha tianato

Kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, mphaka ndi mlonda wa pakhomo. Pamene pali usipa wouma, matumba a mpunga kapena chimanga, khoswe sachedwa kufika, ndipo banja loweta mphaka limagona tulo. Koma mphaka akaswa, pamalo pamene wagoneka ana ake pamasanduka pobisalira nthata, zimene ena amati utitiri. Kuno kunyanja kumatentha, nthaka ndi yamchenga, choncho nthata zimaswana msanga.

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nthata ikakhala pa kamwana ka mphaka, nkhani ndi yomweyo: mankhwala amphamvu amapha nthata pamodzi ndi kamwanako. Zida zoyenera muli nazo kale pakhomo: chipeso, madzi ofunda, dzuwa ndi tsache.

Chifukwa chiyani tisazilekerere?

Kamwana ka mphaka kamabadwa kolemera magalamu pafupifupi 100, ndipo magazi ake ndi ochepa kwambiri. Nthata zikakachulukira zimakayamwa mpaka magazi kutha, kenako kamafa.

Nthata sizisankha. Zikachuluka zimaluma anthu, makamaka m'miyendo, ndipo ana akamakanda pamabuka zilonda. Zimafalitsanso njoka zam'mimba: mphaka amameza nthata podzinyambita, ndipo mwana wokwawa naye angathe kuimeza mwangozi.

Nthata za makoswe ndiye zoopsa koposa, chifukwa zimafalitsa matenda a plague, amene amatupitsa mwanabere ndi kutenthetsa thupi kwambiri. Matendawa anabukapo ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002, ndipo ku Madagascar anapha anthu oposa 200 mu 2017. Mphaka wogwira makoswe angathe kubwera nazo nthatazi m'nyumba.

Zimene mukuziona ndi zochepa

Nthata yaikazi ikayamwa magazi imayamba kuikira pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ingathe kuikira mazira okwana 50 pa tsiku. Mazirawo samatirira pa ubweya. Amagwera pa chiguduli, pa mphasa, m'ming'alu ya pansi ndi mumchenga wa pamthunzi. M'menemo amaswa timphutsi, timphutsito timadzikulunga m'tizikwa, ndipo kukamatentha nthata zatsopano zimatuluka pakatha masabata awiri kapena atatu. Zina zimadikira m'chikwa kwa miyezi. Pa nthata 100 zilizonse za m'nyumba, pafupifupi 5 zokha ndi zimene zili pathupi pa chiweto. Zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi tizikwa. N'chifukwa chake kusambitsa tiana tokha sikuthetsa vuto. Muyenera kusamalira zitatu pa tsiku limodzi: tiana, make, ndi pogona pawo.

Mungadziwe bwanji?

Patulani ubweya pakhosi, pamimba ndi patsinde pa mchira. Mudzaona tizilombo tofiirira tikuthamanga, kapena timadontho takuda. Ikani timadonthoto pa kansalu koyera konyowa. Tikasungunuka n'kufiira, ndiye kuti ndi ndowe za nthata, magazi amene zayamwa.

Kenako tsegulani kukamwa kwa kamwanako pang'onopang'ono. Nkhama za kamwana kathanzi zimakhala zofiirira. Zikayera, kamwanako n'kumazizira, kufooka kapena kuleka kuyamwa, magazi achepa. Musakasambitse. Kafunditseni, kapeseni, ndipo pitani nako kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Tiana tosakwana masabata 8

1. Tengani chipeso cha mano othithikana, chonga chochotsera nsabwe, ndi mbale ya madzi a sopo.

2. Pesani kamwana kamodzikamodzi, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Nthata iliyonse imene yakodwa imizeni m'madzi a sopowo. Mukaitaya pansi idumpha n'kubwerera.

3. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Tiana timene sitinatsegule maso tingopesedwa ndi kupukutidwa ndi kansalu konyowa kofunda.

4. Ngati nthata zachuluka ndipo kamwanako kali ndi mphamvu, kasambitseni. Madzi akhale ofunda, oti chigongono chanu chikhalemo osamva kuotcha. Yambani mwapaka thovu la sopo wosanunkhira kuzungulira khosi, kuti nthata zisathawire kumaso ndi m'makutu. Mutu usamire. Tsukuluzani sopo yense, ndipo zonse zithe m'mphindi zochepa.

5. Kapukuteni mpaka kaumiretu, kenako kabwezeni kwa make kuti kayamwe. M'masabata atatu kapena anayi oyamba, tiana sititha kudzitenthetsa tokha. Sambitsani masana, pamalo opanda mphepo. Nyengo ya mwera, mu June ndi July, ndi bwino kungopesa.

Mankhwala amene amapha amphaka

Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala ambiri amene galu kapena ng'ombe zimapirira. Musayerekeze kugwiritsa ntchito izi, kaya pa tiana kaya pa make:

- Actellic ndi mankhwala ena osungira chimanga.
- Doom ndi mankhwala ena opopera udzudzu ndi mphemvu.
- Dibi wa ng'ombe ndi mbuzi, mankhwala a thonje kapena a m'dimba.
- Mankhwala a nthata opangidwira agalu, makamaka olembedwa kuti permethrin.
- Palafini, dizilo, oyilo wakutha ndi madzi a fodya.
- Panado. Ngakhale kachidutswa kangathe kupha mphaka.

Musawayalirenso neti yakale ya udzudzu. Maneti amanyikidwa m'mankhwala a gulu limodzi ndi permethrin, komanso tiana timakodwamo.

Mphaka akathiridwa mankhwala otere amatuluka dovu, amanjenjemera, mwinanso kukomoka. Mutsukeni msanga ndi madzi ofunda ndi sopo, mufunditseni, ndipo thamangirani kwa mlangizi wa ziweto mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo.

Make wa tianato

Nthata za tiana zimachokera kwa make, choncho iye ndiye woyamba kuthandizidwa. Mupeseni tsiku lililonse monga mukuchitira ndi ana. Alipo mankhwala odonthezera kumbuyo kwa khosi, okhala ndi fipronil kapena selamectin, amene amaloledwa pa mphaka woyamwitsa. Gulani kusitolo ya mankhwala a ziweto, onetsetsani kuti palembedwa kuti ndi a amphaka, ndipo muuzeni wogulitsayo kuti mphakayo akuyamwitsa. Mukamudonthezera, dikirani paume asanabwerere kwa ana. Mankhwala ambiri otere amabwerezedwa mwezi ndi mwezi. Tiana tidikire mpaka titakwana masabata 8, pokhapokha dokotala wa ziweto atakupatsani oyenera msinkhu wawo.

Mphaka woyamwitsa amafuna chakudya chambiri. Nsima yokha siyikwanira. Mupatseni nsomba zophika zopanda mchere wambiri ndi madzi abwino. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiana. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga pansi pa mchira wake kapena pogona pake, ndi zidutswa za njoka zam'mimba. Funsani mankhwala ake kwa mlangizi.

Pogona ndi nyumba yonse

- Chapani ziguduli zimene amagonera ndi madzi otentha ndi sopo, n'kuziyanika padzuwa, kawiri pa sabata. Katoni kapena saka lakutha litentheni.
- Yanikani mphasa, mikeka ndi zofunda padzuwa lamasana. Timphutsi ta nthata sitipirira kuuma.
- Sesani tsiku lililonse, makamaka m'makona, pansi pa bedi ndi kuseri kwa matumba. Zinyalalazo zitentheni, musaziunjike kuseri kwa nyumba.
- Zirani pansi kuti ming'alu itsekeke.
- Agalu athandizidwe nthawi yomweyo ndi mankhwala awoawo, ndipo asagone pamodzi ndi amphaka.
- Pitirizani kwa miyezi itatu, ngakhale nthata zioneke ngati zatha.

Kusesa kumeneku kumachepetsanso matekenya, amene nawo ndi mtundu wa nthata wokonda mchenga ndi fumbi. Ana azivala nsapato.

Tetezani banja lanu

Sambani m'manja ndi sopo mukagwira amphaka. Ana asagone nawo pamphasa imodzi. Amayi oyembekezera asawole ndowe za mphaka, ntchitoyo agwire wina.

Mphaka woyamwitsa amalusa. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa amphaka nawo amafalitsa chiwewe. Tiana tikakwana miyezi itatu tibayitseni katemera wa chiwewe.

Musathire tameki wophera makoswe m'nyumba muli amphaka ndi ana. Ndipo khoswe akafa, nthata zake zimamusiya n'kusaka wina woti zimuyamwe. Mukaona makoswe akungofa okha, musawagwire ndi manja, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu msanga. Munthu amene watentha thupi mwadzidzidzi n'kutupa mwanabere m'khwapa, pakhosi kapena m'mphechepeche, apite kuchipatala osadikira mawa.

Kumene mungapeze thandizo

Za chiweto, funsani mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kapena ku boma ku Salima. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene lili ndi chipatala cha ziweto. Funsaninso za opaleshoni yotseka mphaka kuti asaswenso, poti mphaka amatha kutenga bere lina ana ake asanaleke n'kuyamwa komwe. Za munthu wodwala, pitani kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi kapena ku chipatala cha boma cha Salima.

Mukawerenga kapepalaka, apatsenikoni anzanu oyandikana nawo nyumba. Amphaka ndi makoswe amayenda khomo ndi khomo, choncho nthata zimatha msanga mabanja akasesa ndi kuchapa sabata imodzi.