Phunziro la Luso: Kusankha Makina Ojambulira Mawu

Pasukulu pamachitika zinthu zambiri zosabwerezeka: mtsutso wa Fomu 3 ndi Fomu 4, sewero la tsiku lotsazikana, malangizo a mlendo wolemekezeka, kapena mbiri ya mudzi imene agogo akufotokozera ophunzira. Ambirife timajambula zimenezi ndi foni. Pomvera mawa lake timapeza mphepo, phokoso la mipando ndi chifuwa cha amene anakhala pafupi, pomwe wolankhula akumveka ngati ali m'chitsime. Mwambo unatha, anthu anabalalika, ndipo mawuwo apita.

Phunziroli ndi la ophunzira okonda luso limeneli, komanso makolo ndi a komiti amene amavomereza ndalama zogulira zipangizo. Mfundo yake ndi imodzi: musanafunse mtengo, werengani kaye malo amene mawu azichokera.

Thiraki n'chiyani?

Foni imathira mawu onse mumphika umodzi, ndipo mchere ukalowa m'ndiwo sutuluka. Ng'oma ikaphimba woimba, yaphimba basi. Makina a mathiraki ambiri amasunga mawu a maiki iliyonse paokha, m'fayilo yakeyake. Mzere uliwonse wa mawu wosungidwa pawokha ndiwo thiraki. Pambuyo pake, pa kompyuta, mutha kukweza mtsikana wamanyazi amene amalankhula motsitsa, n'kutsitsa mnyamata amene amakuwa, osakhudza enawo.

Kale luso limeneli linkapezeka m'masitudiyo akuluakulu mokha. Mu 1979 kampani ya TEAC ya ku Japan inatulutsa Portastudio 144, yojambula mathiraki 4 pa kaseti wamba. Lero makina otere amakwana m'chikwama cha mabuku, ndipo mayina amene mukumane nawo kwambiri ndi Tascam, yomwe ndi nthambi ya TEAC, ndi Zoom, yomwenso ndi ya ku Japan.

Msampha wa nambala ya pakatoni

Ogula ambiri amakodwa apa. Nambala ya mathiraki yolembedwa pakatoni si nambala ya maiki amene mungalumikize. Zoom H4n ndi Tascam DR-40X zonse zimajambula mathiraki 4, koma mabowo olumikizira maiki akunja zili nawo awiriawiri. Mathiraki ena awiriwo ndi a timaiki ta pamutu pa makinawo. Zoom H6, yomwe inatuluka mu 2013, imajambula mathiraki 6 ndipo ili ndi mabowo 4. Zoom H1n ndi yotsika mtengo, koma ilibe ngakhale bowo limodzi la mtundu umenewu.

Choncho tembenuzani makinawo muwerenge mabowo a XLR. Awa ndi mabowo ozungulira olandira pulagi ya timano titatu. Kebulo ya XLR inapangidwa mokana phokoso la magetsi, motero imatha kuyenda mamita ambiri kuchoka pansanja kufika kwa wojambula mawu asanawonongeke.

Ntchito zitatu, zosowa zitatu

Yoyamba ndi kufunsa munthu mafunso, pakhonde kapena pansi pa mtengo. Pakufunika maiki awiri, ya wofunsa ndi ya woyankha. Makina a mabowo awiri akukwanira.

Yachiwiri ndi mtsutso wa olankhula anayi kapena kagulu koimba. Apa pakufunika mabowo 4, monga a Zoom H6 kapena Tascam Portacapture X8. Mukagula a mabowo awiri, ana azilandizana maiki, ndipo mawu oyamba a aliyense azitayikira m'njira.

Yachitatu ndi mwambo waukulu wokhala ndi zokuzira mawu. Pamenepa maiki onse amalowa kale mu mikisa, ndiye simufunikira mabowo ambiri. Tengani mawu kuchokera ku mikisa pa mathiraki awiri, ndipo timaiki ta pamutu tijambule holo, kuseka ndi kuwomba m'manja kwa anthu pa mathiraki ena awiri. Koma chenjerani: mawu ochokera ku mikisa ndi amphamvu kwambiri kuposa a maiki. Makinawo akhale ndi posinthira polembedwa LINE, kapena kabatani kochepetsa mphamvu kotchedwa PAD, monga ka -20 dB komwe kali pa bowo lililonse la H6. Popanda zimenezi mawu amang'ambika.

Zina zoyang'ana

Mphamvu ya 48V. Maiki a mtundu wa dynamic, omwe timawaona pamisonkhano, safuna magetsi. A mtundu wa condenser, omwe amamva bwino mawu a gulu loimba, ambiri amafuna mavoti 48 ochokera ku makinawo. Onetsetsani kuti mphamvuyi ilipo, ndipo muziizimitsa ngati sikufunika, chifukwa imamaliza mabatire msanga.

Mabatire. Magetsi amatha kuthima mwambo uli pakati. Sankhani makina oyendera mabatire a AA, omwe amapezeka ngakhale pagolosale ya kumudzi, komanso otha kulandira moto wa pawabanki kudzera pa USB. DR-40X imadya mabatire 3, H6 imadya 4. Mabatire otchaja amabweza ndalama zake pakapita nthawi.

Khadi yosungira mawu. Apa pali masamu osavuta. Pojambula fayilo ya WAV pa 48 kHz ndi 24-bit, makina amayeza mawu ka 48,000 pa sekondi, ndipo muyeso uliwonse umatenga mabaiti 3. Ndiye kuti sekondi imodzi ndi mabaiti 144,000, ola limodzi ndi pafupifupi theka la GB pa thiraki iliyonse. Mathiraki 6 kwa maola 3 adya kupitirira pang'ono 9 GB, ndipo khadi ya 32 GB isunga pafupifupi maola 10. Funsani kukula kwa khadi imene makinawo amalandira, chifukwa ena akale salandira yoposa 32 GB.

Kukweza ndi kutsitsa. Mita ya pa makina ili ndi denga pa 0 dB. Mawu akagunda dengalo amasweka ndipo sakonzeka, n'chifukwa chake ojambula amawasiya azisewera cha pa -12. Makina atsopano olembedwa 32-bit float, monga Zoom F3 ndi H6essential, amachotsa nkhawa imeneyi, popeza mutha kutsitsa mawu pa kompyuta osasweka. Kwa ophunzira amene angoyamba kumene, ichi ndi chithandizo chenicheni. Komabe sichikonza maiki yoikidwa kutali kapena yopemeredwa ndi mphepo.

Ndalama zisathere pa makina

Makina opanda maiki, makebulo, zoimikira maiki, mahedifoni ndi khadi ali ngati njinga yopanda matayala. Muwerengerenso kachovala kaubweya kovekera maiki, kamene kamapulumutsa ntchito yapanja m'miyezi ya mphepo ya June ndi July. Ndi bwino kugula makina apakatikati ndi zonsezi kusiyana ndi apamwamba ongokhala m'kabati.

Ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi maiki, kebulo ndi mahedifoni. Yesani bowo lililonse, zunguzani timakono tonse mumve ngati tikukhetheza, suzumirani mokhala mabatire ngati muli dzimbiri, kenako jambulani mphindi zisanu ndi kumvera musanalipire.

Khutu limaposa chipangizo

M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland kujambula nyimbo za makolo athu. Analibe mathiraki ambiri. Ankagwira maiki imodzi m'manja, n'kumaisendeza kwa amene akuyenera kumveka panthawiyo. Zimene anajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Phunziro lake ndi lakuti maiki iyandikire pakamwa pa wolankhula, ndipo wojambula avale mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'holo ya malata ndi makoma a simenti mawu amabwerera, ndipo mankhwala ake ndi omwewo: yandikitsani maiki.

Musaiwalenso ulemu. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, muuzeni kumene mawu ake akamveke, ndipo ngati ndi mwana, makolo adziwe. Mukamaliza, koperani mafayilo m'malo awiri musanafufute khadi.

Ntchito yoti muchite

1. Lembani miyambo itatu ya pasukulu pano ya chaka chino. Pa uliwonse, werengani maiki ofunika nthawi imodzi. Nambala yaikulu pa zitatuzo ndiyo mabowo amene makina athu ayenera kukhala nawo.

2. Sewero la maola awiri lajambulidwa pa mathiraki 4, pa 48 kHz ndi 24-bit. Kodi khadi ya 4 GB ikwanira? Onetsani masamu anu.

3. Jambulani mnzanu ndi foni ali patali mamita 5, kenako foniyo ili masentimita 20 kuchoka pakamwa pake. Mverani zonse ziwiri ndipo fotokozani kusiyana kwake m'ziganizo zitatu.

Mayankho a funso loyamba aperekedwe kwa aphunzitsi a kalasi yanu, kuti a komiti akamadzakambirana zogula adzakhale ndi nambala m'manja.