Kodi kampani ikupinduladi? Yankho lili mulaibulale

Aphunzitsi anzanga a mawa, tsiku lina wophunzira adzakufunsani ngati Illovo kapena TNM ikupindula. Musadzamuyankhe zongomva.

Makampani a pa Malawi Stock Exchange amatulutsa malipoti a zachuma chaka chilichonse, ndipo chidule chake chimasindikizidwa mu The Nation ndi The Daily Times. Pemphani woyang'anira laibulale akupatseni nyuzipepala zakale.

Yambani ndi phindu lotsala msonkho utachotsedwa, kenako onani ngongole. Yerekezani zaka zitatu, osati chimodzi chokha. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, choncho phindu likhoza kukwera papepala pomwe mphamvu yake yogulira zinthu yatsika.

Pomaliza, tsegulani lipoti lathunthu pa kompyuta za mulaibulale, muwerenge zimene maodita anena. Mukatero, mudzayankha mwana uja muli ndi umboni m'manja.