Kuyeza Ntchito ya Wofufuza: Phunziro la Gerhard Ertl ndi Feteleza

Mau Oyamba

Mlangizi aliyense amadziwa thumba la yureya ndi nambala yake ya 46, imene imasonyeza kuti pa magawo 100 alionse, magawo 46 ndi nayitrojeni. Koma ndi ochepa amene amadziwa akatswiri amene anafufuza m'mene nayitrojeniyo amatengedwera mu mpweya. M'phunziro lino tiona ntchito ya mmodzi wa iwo, Gerhard Ertl wa ku Germany, ndipo tidzifunsa kuti ntchito ya wofufuza imayezedwa motani.

Funso Limene Linatsala

Magawo 78 pa 100 a mpweya ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingathe kumugwiritsa ntchito chifukwa maatomu ake amakhala awiriawiri, ogwirana kolimba. M'chaka cha 1909 Fritz Haber anaonetsa kuti nayitrojeni angaphatikizidwe ndi haidrojeni n'kupanga amoniya, gwero la feteleza. Mu 1913, motsogozedwa ndi Carl Bosch, kampani ya BASF inatsegula fakitale ku Oppau. Ntchitoyi imafuna katalisiti, ndiko kuti chinthu chofulumizitsa kuphatikizanako koma icho chosatha. Alwin Mittasch ndiye anapeza katalisiti wa chitsulo, atayesa misanganizo zikwizikwi. Komabe mafakitale anagwira ntchito zaka zoposa 60 akatswiri asanagwirizane za chimene chimachitika pamwamba pa chitsulocho.

Zimene Ertl Anapeza

Ali pa yunivesite ya Munich, kuyambira 1973 mpaka 1986, Ertl ndi anzake anaika tizidutswa toyera ta chitsulo m'ziwiya zochotsedwa mpweya, nalowetsamo nayitrojeni ndi haidrojeni pang'onopang'ono. Anapeza kuti maatomu awiri a nayitrojeni amayamba alekana pamwamba pa chitsulo, kenaka haidrojeni amalumikizika mmodzimmodzi mpaka amoniya atapangika. Kulekanako ndiko kumachedwetsa zonse, pakuti mwa tinthu ta nayitrojeni pafupifupi miliyoni togunda chitsulo, kamodzi kokha ndiko kamalekana. Anafotokozanso m'mene potaziyamu wothiridwa m'katalisiti amathandizira. Kuyambira 1986 mpaka 2004 anali mkulu pa Fritz Haber Institute ku Berlin, ndipo mu 2007 analandira mphotho ya Nobel.

Muyezo wa Kutchulidwa

Wofufuza akalemba pepala, amatchula mapepala a anzake amene wawagwiritsa ntchito. Mu 1964 Eugene Garfield anayamba kusindikiza Science Citation Index, kaundula woonetsa amene watchula mnzake. Mu 2005 Jorge Hirsch anabweretsa nambala yotchedwa h: wokhala ndi h ya 20 ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Ertl analemba mapepala mazanamazana, ndipo atchulidwa kambirimbiri chifukwa njira zake zinathandiza ena kufufuza zinthu zina, monga pulatinamu wochepetsa poizoni mu utsi wa galimoto.

Malire a Muyezowu

Kutchulidwa kumaonetsa m'mene akatswiri ena agwiritsira ntchito pepala, osati zimene zafika kumunda. Katalisiti amene mafakitale ambiri a feteleza akugwiritsa ntchito ngwofananabe ndi wa Mittasch, amene anamwalira mu 1953 kaundula wa Garfield asanayambe. Ertl anapereka kumvetsa, Mittasch anapereka chipangizo, ndipo nambala imodzi singayeze zonse ziwiri.

Ndiponso ofufuza za katalisiti ndi ochuluka, pamene ofufuza nzama kapena mawere ndi owerengeka. Choncho pepala labwino la nzama lingatchulidwe kochepa chabe. Kapepala ka ulangizi kamene kathandiza alimi a boma lonse kuthira feteleza pa nthawi yake sikalowa n'komwe m'kaundulayo. Bungwe likamakweza anthu poyang'ana nambala zokha, ofufuza amasiya mbewu zotere n'kuthamangira nkhani zotchuka, ndipo wovutika ndi mlimi.

Mau Omaliza

Anzathu alangizi, mukalandira lipoti la kafukufuku, funsani mafunso atatu. Kodi akatswiri ena anabwereza ntchitoyi napeza zofanana? Kodi inayesedwa pa nthaka ndi mvula zonga za kwanu? Kodi mlimi angakwanitse mtengo wake? Kutchulidwa kwa pepala kungakuthandizeni pa funso loyamba lokha. Mayankho a mafunso awiri otsalawo ali m'minda yachitsanzo ndi m'malipoti anu a pamwezi, choncho alembeni mosamala ndi kuwatumiza kwa ofufuza.