Kachidontho ka pa pepala kamene kanaulula nyenyezi yakufa

Anzanga, tikamva mawu oti telesikopu ambirife timaganiza za chipaipi chachitali chokhala ndi galasi kunsonga. Ine ndikufuna ndikuuzeni za telesikopu imene inalibe galasi ngakhale limodzi. Inali ya mapolo ndi mawaya basi, moti mukanaiona mukanati ndi dimba la tomato lozikidwa mitengo. Koma ndi imeneyo imene inathandiza Jocelyn Bell, wophunzira wa pa yunivesite ya Cambridge ku England, kutulukira mtundu wa nyenyezi umene munthu anali asanaudziwepo.

Telesikopu yomvetsera

Zinthu za mumlengalenga sizitulutsa kuwala kokha ayi. Zambiri zimatulutsanso mafunde a wailesi, a mtundu womwe uja umene umatibweretsera nyimbo ndi mpira m'kawailesi ka kunyumba. Diso siliwaona, koma waya amawakola. Mafundewa akagunda eriyo amayambitsa timagetsi tochepetsetsa, ndipo makina amatikulitsa. Masiku amenewo timagetsito tinkagwedeza cholembera, cholemberacho n'kumajambula mzere pa pepala loyenda.

Anakonza mapulani a telesikopuyi anali mphunzitsi wake wa Bell, Antony Hewish. Bell anafika ku Cambridge mu 1965, ndipo kwa zaka ziwiri iye ndi anzake ochepa anali pa ntchito yokhoma mapolo ndi hamala yaikulu komanso kulumikiza mawaya. Panali mapolo opitirira 1,000, maeriyo 2,048 ndi mawaya otalika makilomita pafupifupi 190, pa malo a maekala opitirira 4. Inkamvetsera pa 81.5 MHz, kumunsi pang'ono kwa pamene masiteshoni a FM amayambira.

Cholinga chinali kusaka ma quasar, zinthu zowala kwambiri za kutali zedi. Mafunde awo amaphethira akamadutsa mu mphepo yochokera ku dzuwa, ndiye telesikopuyi anaipanga kuti izitha kugwira kusintha kwa msangamsanga. Mfundo imeneyi muisunge. Matelesikopu ambiri a nthawiyo ankaphatikiza zimene amva kwa kanthawi n'kupereka yankho limodzi, choncho chinthu chogunda mofulumira chinkangosowera momwemo.

Kachidontho kaja

Telesikopuyi inayamba ntchito mu Julaye 1967. Tsiku lililonse inkatulutsa pepala lotalika mamita pafupifupi 30, ndipo wowerenga anali Bell, ndi maso ake, popanda kompyuta. Anazolowera kusiyanitsa mzere wa quasar ndi phokoso la zinthu za anthu monga magalimoto. Mu Ogasiti anaona kachinthu kosafanana ndi ziwiri zonsezi. Kanali kosakwana sentimita imodzi, pa pepala la mamita pafupifupi 120. Wina akanati ndi litsiro n'kupitirira. Iye anakumbukira kuti anakaonapo kale, kuchokera mbali yomweyo ya thambo, ndipo anabwerera ku mapepala akale kukatsimikiza.

Kuti akaone bwino anafunika kuyendetsa pepala mofulumira, monga mmene timakulitsira chithunzi pa foni. Kwa masabata angapo sanapeze kanthu, chifukwa kachinthuko kanali katazilala. Pa 28 Novembala 1967 kanabweranso, ndipo cholembera chinajambula kugunda kotsatizana: gu, gu, gu, masekondi 1.337 aliwonse, osaphonya.

Anatsimikiza bwanji?

Apa ndi pamene pandisangalatsa ine, chifukwa sanathamangire kulengeza. Anayamba adzifunsa mafunso atatu.

Loyamba: kodi si makina a anthu? Zochita za anthu zimatsata wotchi ya maola 24. Koma nyenyezi zimabwerera pamalo pomwepo pakatha maola 23 ndi mphindi 56, ndiye kuti zimafulumira ndi mphindi 4 tsiku lililonse. Kugunda kuja nako kunkafika mofulumira ndi mphindi 4. Kunkayenda ndi nyenyezi.

Lachiwiri: kodi si telesikopu yawonongeka? Anayesa ndi telesikopu ina ya pamalo pomwepo, ndipo nayo inamva kugundako.

Lachitatu: nanga si zolengedwa za ku dziko lina zikutiitana? Musaseke, anaganizapo ndithu, mpaka mocheza anakatcha LGM-1, kutanthauza tianthu tobiriwira. Koma kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, Bell anapeza kachiwiri, kumbali ina ya thambo, kenako ena awiri. Sizikanatheka kuti magulu osiyanasiyana otalikirana chonchi asankhe kuitana dziko lomweli m'njira yofanana. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu Febuluwale 1968, ndipo zinthuzi anazitcha ma pulsar.

Pulsar n'chiyani?

Nyenyezi yaikulu kuposa dzuwa kangapo ikatha mafuta ake imaphulika. Zakunja zimamwazika, koma chapakati chimafinyika mpaka kusanduka kampira ka makilomita pafupifupi 20 kuchoka mbali ina kufika inzake. Mtunda umenewu ena mwa ife timaupalasa pa njinga kupita ndi kubwera ku sukulu, eti? Komatu kampirako n'kolemera kuposa dzuwa. Supuni yaing'ono ya zinthu zake ingalemere matani mamiliyoni mazanamazana. Imeneyi ndiyo nyenyezi ya neutron. Akatswiri awiri, Walter Baade ndi Fritz Zwicky, analemba mu 1934 kuti iyenera kukhalapo, koma panalibe amene anaipeza.

Kampiraka kamazungulira mofulumira. Tayesani kuzungulira mutatambasula manja kenako muwapinde, muona liwiro likuwonjezeka. Nyenyezi ikafinyika zimateronso. Mafunde ake a wailesi amatuluka mbali ziwiri zokha, mowongoka ngati kuwala kwa tochi. Taganizirani mnzanu ataima pakati pa bwalo la mpira usiku, tochi ili m'manja, n'kumazungulira. Tochiyo siizima, koma inu mumaona kuti ng'ani! pokhapokha yakulozani. Kugunda kumodzi ndi kuzungulira kumodzi. Amene anafotokoza zimenezi momveka mu 1968 ndi Thomas Gold.

Chaka chomwecho anapeza pulsar ina mkati mwa Crab Nebula, zotsalira za nyenyezi imene akatswiri a ku China anaiona itaphulika mu 1054. Imeneyo imazungulira ka 30 pa sekondi. Lero ma pulsar odziwika ndi opitirira 3,000, ndipo ena akupezeka ndi MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 imene inatsegulidwa mu 2018 ku Karoo, ku South Africa.

Za mwini wake

Bell anakulira ku Lurgan, ku Northern Ireland. Ali ndi zaka 11 analephera mayeso a boma. Pa sukulu yake atsikana ankatumizidwa kokaphunzira kuphika ndi kusoka pamene anyamata akulowa m'kalasi la sayansi, mpaka makolo ake ndi makolo ena anakadandaula. Atamulola, anakhala nambala wani pa mayeso a sayansi a temu yoyamba.

Mu 1974 mphoto ya Nobel ya fizikisi inapita kwa Hewish ndi Martin Ryle. Dzina la Bell panalibe, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati zinayenda mwachilungamo. Mu 2018 anapatsidwa mphoto ina ya madola 3 miliyoni, ndipo yonse anaipereka kuti ilipirire ophunzira fizikisi ochokera m'magulu amene sapezeka kawirikawiri m'phunziroli, monga akazi ndi othawa kwawo.

Atsikana anzanga, tikamalowa Fomu 3 padzakhala otiuza kuti fizikisi ndi ya anyamata. Muwafunse kuti kachidontho kaja anakaona ndani. Ndipo tonsefe, tikamayeza zinthu pa phunziro la sayansi, nambala ikatuluka yosiyana ndi ya gulu lina tisaifufute kuti ifanane. Tiilembe mmene yatulukira, tiyezenso, tifunse aphunzitsi. Mwina ndi rula yapendama, koma sitingadziwe ngati taifufuta.

Tayesani izi

1. Pulsar ya Bell imagunda kamodzi pa masekondi 1.337. Imagunda kangati pa mphindi imodzi? Nanga pa tsiku, limene lili ndi masekondi 86,400?

2. Mafunde a wailesi amathamanga mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani liwiroli ndi 81,500,000 kuti mupeze kutalika kwa funde limodzi limene telesikopu ija inkakola.

3. Ngati nyenyezi ina yatuluka 8 koloko usiku walero, idzatuluka nthawi yanji pakatha masiku 15?

Funso lachitatuli mungathe kuliyesa nokha kunyumba: sankhani nyenyezi yowala, imani pamalo amodzi, ndipo lembani nthawi imene ikutulukira pamwamba pa mtengo kapena denga. Mayankho lembani pa kapepala mupatse a komiti ya magazini ino Lachisanu lisanafike.

Mnzanu wa Fomu 2