Mkondo umene umalowa mu ofesi

Ndili kalaliki pa galaja ina, ndinalemba oda ya "spear parts". Abwana anaiwerenga n'kundifunsa ngati tikukonzekera nkhondo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti spare ndi uja timati sipeya, chosinthira chinzake chikawonongeka, pomwe spear ndi mkondo. Zilembo n'zomwezo, zangosinthana malo, ndipo kompyuta sikuchenjezani chifukwa mawu onsewa ndi olondola. Oda ndi invoyisi muziziwerenga ndi maso anu musanatumize.

Mkondo weniweni simudzaupeza pa desiki, koma dzina lake limafika mu ofesi m'njira ziwiri zofunika kuzidziwa.

Yoyamba ndi spearhead, nsonga ya mkondo, imene imayamba kulasa, mtengo wake ukutsata m'mbuyo. Munthu akalemba pa CV kuti "spearheaded", akunena kuti ndiye anayambitsa ntchitoyo n'kuitsogolera. Ofunsira ntchito ambiri amawakonda mawuwa chifukwa amamveka apamwamba. Koma ngati mbali yanu inali kulemba maminitsi ndi kusungitsa holo, lembani zomwezo. Pa intavyu adzakufunsani kuti ndalama zinali zingati, munatsogolera anthu angati, nanga zitavuta munatani. Mukayamba kuyang'ana kudenga, ntchito yapita.

Yachiwiri ndi spear phishing, ndipo iyi imaluzitsa ndalama. Akuba a pa intaneti ena amaponya khoka: uthenga umodzi kwa anthu zikwizikwi, wokodwa akodwe. Koma ena amachita ngati msodzi wa mkondo amene waona nsomba imodzi n'kuilunjika. Amayamba afufuza dzina lanu, udindo wanu, dzina la abwana anu, nthawi zina pa Facebook pomwe. Kenako imelo imafika Lachisanu madzulo, yooneka ngati ya abwanawo: ali pamsonkhano, musawaimbire, lipirani kampani yakutiyakuti ku akaunti yatsopano ola lomwelino.

Si osaphunzira okha amene amalasidwa. Mu 2016, John Podesta, mkulu wa kampeni ya Hillary Clinton ku America, analandira imelo yonamizira kuti yachokera ku Google, yomuuza kuti asinthe pasiwedi. Maimelo ake anabedwa, pambuyo pake anaikidwa poyera pa tsamba la pa intaneti la WikiLeaks.

Tsono uthenga ukakhala wokufulumizitsani, inu chepetsani liwiro. Yang'anani adiresi yonse ya wotumiza, chifukwa dzina lokha aliyense angalilembe. Kawirikawiri pamakhala chilembo chimodzi chosinthidwa, ngati spear ndi spare uja. Imbirani mwini wake pa nambala imene mumaidziwa kale, osati imene yabwera mu uthengamo. Ngati mwadina kale linki, uzani a IT nthawi yomweyo. Kubisa chifukwa cha manyazi kumangopatsa wakuba mpata.

Musaope kuti abwana akwiya mukawaimbira ali pamsonkhano. Safunsa anadya phula, ndipo phula la mu ofesi limakhala malipiro a anthu onse a mwezi umenewo.